Maso a Mwana pa Mlandu wa Akuluakulu: Phunziro la Kalembedwe ka Nthano Yaitali Yofufuza Mlandu

Mawu Oyamba

Mwa mitundu yonse ya nthano zazitali, nthano yofufuza mlandu ndi imene imaoneka ngati yapafupi kulemba. Ambiri amaganiza kuti chofunika ndi mtembo, anthu angapo okayikitsa, ndi munthu mmodzi wochenjera woti pamapeto aloze chala wopalamula. Koma kalembedwe ka nthano yotere kali ngati kutchera diwa: kamtengo kamodzi kakapendekeka, mwala sugwa, ndipo mbewa imadya nyambo n'kumapita. Ntchitoyi imakula kwambiri mlembi akasankha kuti wofufuza mlanduwo akhale mwana. Mwana alibe mphamvu yomanga munthu, alibe ufulu wopanikiza akuluakulu ndi mafunso, ndipo dzuwa likalowa amayenera kupezeka pakhomo.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika momwe mlembi wongoyamba kumene angalembere nthano yaitali ya mtundu umene pa Chingerezi umatchedwa cozy mystery, pamene mpangankhani wamkulu ndi mwana amene akufufuza mlandu mwa kufuna kwake. Chitsanzo chathu chikhala buku la Alan Bradley lotchedwa The Sweetness at the Bottom of the Pie, lomwe lidatuluka m'chaka cha 2009 ndipo lidali nthano yake yaitali yoyamba. Mfundo imene tikufuna kutsindika ndi yakuti kuchepa kwa mwana ndiko chuma cha nthano yotere. Mlembi akakuthawa kuchepako, n'kumupatsa mwana mphamvu za munthu wamkulu kapena mwayi wosadziwika kochokera, nthano imasukuluka. Chakumapeto tiona zimene wolemba m'Chichewa angatolepo, makamaka pa nkhani ya chilankhulo.

Chiyambi ndi Maonekedwe a Nthano za Mtunduwu

Akatswiri ambiri a zolembalemba amati nthano yofufuza mlandu, monga tikuidziwira lero, idayamba ndi Edgar Allan Poe wa ku America, amene adalemba The Murders in the Rue Morgue m'chaka cha 1841. Arthur Conan Doyle adabweretsa Sherlock Holmes mu 1887. Koma kholo la cozy mystery ndi Agatha Christie wa ku England. M'buku lake la mu 1930, The Murder at the Vicarage, mlandu wakupha ukuululidwa ndi Miss Marple, mayi wachikulire wosakwatiwa wa m'mudzi wopeka wa St Mary Mead. Mayiyu si wapolisi. Chida chake ndi kudziwa anthu ndi makhalidwe awo, popeza wakhala zaka zambiri akuonerera zochitika za m'mudzi mwake.

Mawu akuti cozy amanena za malo ofunda bwino ndi abata, pamene munthu amakhala mtima uli m'malo. Nthano zake zili ndi zizindikiro zinayi. Choyamba, zimachitikira pamalo aang'ono pomwe aliyense amadziwa mnzake, monga mudzi, sukulu kapena mpingo. Chachiwiri, wofufuza sakhala munthu wolembedwa ntchito yofufuza milandu. Chachitatu, nkhanza ndi magazi sizionetsedwa poyera. Imfa imachitikira kumbali ndipo wowerenga amangopeza zotsatira zake. Chachinayi, pamathero choonadi chimadziwika ndipo mudzi umapezanso bata. Mphoto za Agatha Awards, zimene zimaperekedwa ku America pa msonkhano wa Malice Domestic, zimatsata ndondomeko yomweyi, kotero kuti buku lodzaza magazi kapena zogonana zapoyera silipikisana nawo.

Mlakatuli W.H. Auden, m'nkhani yake ya mu 1948 yotchedwa The Guilty Vicarage, adafotokoza kufunika kwa malo otsekeka. Malo akakhala otero, mlandu sungakankhiridwe kwa munthu wongodutsa, ndipo aliyense wa m'gululo amasanduka woganiziridwa. Pa Chichewa tinganene kuti khoswe wakhala pamkhate: wopalamula ndi munthu amene timadya naye, ndipo kumugwira kukhoza kuswa mtendere wa onse.

Ana ofufuza milandu nawonso si achilendo m'mabuku. M'chaka cha 1929 Erich Kästner wa ku Germany adalemba za Emil, mnyamata amene akulondola mbala yomwe idamubera ndalama m'sitima yopita ku Berlin. Ku America, Nancy Drew, mtsikana wa zaka 16, adayamba kuoneka mu 1930, ndipo ku England Enid Blyton adayamba mabuku a Famous Five mu 1942. Komabe mabuku onsewa adalembera ana, ndipo milandu yake kawirikawiri imakhala ya kuba kapena katundu wobisika. Bradley adatenga mwana wa zaka 11 n'kumuika pakati pa mlandu wakupha, m'buku lolembera akuluakulu.

Mlembi ndi Buku Lake

Alan Bradley adabadwira ku Toronto m'dziko la Canada m'chaka cha 1938. Kwa zaka zambiri adagwira ntchito ya uinjiniya wa wailesi yakanema, kuphatikizapo pa University of Saskatchewan. Mu 2007 adapata mphoto ya Debut Dagger, imene bungwe la Crime Writers' Association la ku Britain limapereka kwa alembi ongoyamba kumene. Pa mpikisanowu satumiza buku lonse. Amatumiza masamba oyambirira ndi chidule cha nkhani basi. Izi zikusonyeza kuti oweruza adakopeka ndi kalankhulidwe ka mpangankhani bukulo lisanathe n'komwe kulembedwa. Pamene linkatuluka mu 2009, mlembiyo adali ndi zaka 70, ndipo bukuli lidalandiranso Agatha Award ya buku loyamba lopambana.

Nkhani ikuchitika m'nyengo yotentha ya chaka cha 1950, m'mudzi wopeka wa Bishop's Lacey ku England. Flavia de Luce akukhala m'chinyumba chakalekale chotchedwa Buckshaw pamodzi ndi bambo ake, Colonel de Luce, ndi akulu ake awiri, Ophelia ndi Daphne, amene samwerana naye madzi. Mayi ake, Harriet, adasowa akukwera mapiri ku Tibet iye ali khanda. Bamboyo ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo mtima wake wonse uli pa kusonkhanitsa masitampa. Flavia amathera nthawi yake m'labotale imene adasiya mbale wina wa pabanjapo yemwe adamwalira kale. M'menemo amadziphunzitsa kemisitiri, makamaka za ziphe.

Tsiku lina pakhomo pakupezeka mbalame yakufa, sitampa itabooledwa ndi mlomo wake. Usiku womwewo Flavia akumva bambo ake akukangana ndi mlendo, ndipo mbandakucha akumupeza mlendoyo akutsirizika m'dimba la nkhaka. Apolisi akumanga bambo ake. Kuti awapulumutse, mtsikanayu ayenera kufukula nkhani ya zaka pafupifupi 30 zapitazo, yokhudza kusowa kwa sitampa yamtengo wapatali ndi imfa ya mphunzitsi wina pasukulu imene bambo akewo adaphunzirapo. Paja mlandu suwola.

Kuchepa kwa Mwana ngati Chida

Funso limene wowerenga aliyense amafunsa ndi lakuti: bwanji mlanduwu akuufufuza ndi mwana pomwe apolisi alipo? Mlembi amene sadaliyankhe funsoli m'mitu yoyambirira wataya kale wowerenga wake. Bradley akuliyankha m'njira zisanu.

Njira yoyamba ndi yomupatsa mwana chifukwa. Chidwi chokha sichingamuyendetse mwana masamba mazana atatu. Flavia akuyamba ndi chidwi, inde, koma bambo ake atamangidwa nkhaniyo yasanduka yake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Afika mpaka pouza apolisi kuti adapha munthuyo ndi iye, pofuna kuti bambo ake amasulidwe. Bambowo nawonso akuvomera mlandu umene sadapalamule, chifukwa akuganiza kuti adaupalamula ndi Dogger, wantchito wawo wokhulupirika. Mabodza awiriwa akuchokera m'chikondi cha anthu amene sadziwa kuuzana kuti amakondana.

Njira yachiwiri ndi kusawerengeredwa. Apolisi atafika pamalo a imfa, Insipekitala Hewitt akumutuma Flavia kuti akaone zokonza tiyi, ngakhale kuti ndi iye amene adapeza munthuyo. Mtsikanayu zikumupweteka, koma mwayi wake wagona pomwepo. Anthu amalankhula momasuka pamaso pa mwana poganiza kuti sakumva. Amamulola kulowa kukhitchini, kulaibulale ndi kunyumba yogona alendo popanda kumufunsa chimene akufuna. Flavia akukwanitsa kuona katundu wa malemuyo m'chipinda chimene ankagona mothandizidwa ndi mtsikana wogwira ntchito pamalopo. Wapolisi akadafika ndi yunifolomu yake, pakamwa pa anthu pakadatsekeka.

Njira yachitatu ndi ya mayendedwe. Mwana amene makolo ake amamuyang'anira usana ndi usiku sangafufuze kanthu. N'chifukwa chake ana ambiri a m'nthano zoterezi alibe kholo limodzi kapena ali patchuthi kutali ndi kwawo. Nancy Drew mayi ake adamwalira ndipo ali ndi galimoto. Flavia mayi ake kulibe, bambo ake ali ndi zawo, ndipo ali ndi njinga yakapalasa imene adaipatsa dzina lakuti Gladys. Njingayi ikugwira ntchito ziwiri. Ikumupatsa ufulu woyenda, komanso ikuika malire a nkhani, popeza zonse ziyenera kuchitika pamtunda woti mwana angapalase n'kubwerako.

Njira yachinayi ndi yomupatsa luso limodzi lokha, lokhala ndi gwero lodziwika. Flavia amadziwa kemisitiri kuposa akuluakulu ambiri, ndipo taona labotale ndi mabuku kumene nzeruzo zidachokera. Kunja kwa kemisitiri ndi mwana ngati wina aliyense. Amasunga mangawa, moti akusakaniza madzi a chomera choyabwa m'mankhwala opaka pamilomo a mkulu wake pofuna kubwezera. Nthawi zina amafulumira kugamula n'kuphonya. Popeza nkhani yonse akuifotokoza ndi mwini wakeyo, pakukhala mpata pakati pa zimene akuona ndi zimene akumvetsa. Amaona chisoni cha bambo ake koma sadziwa kuchitchula dzina. Wowerenga wamkulu amadzaza yekha mpatawo, ndipo kukoma kwa bukuli kwagona kwambiri pamenepa.

Njira yachisanu ndi yosabisa kufooka kwa thupi. Chakumapeto Flavia akugwidwa ndi wopalamulayo n'kumangidwa, ndipo sangathe kulimbana naye. Akupulumutsidwa ndi Dogger ndi mkulu wake yemwe uja amakangana naye. Mlembi wongoyamba amalakalaka kuti ngwazi yake ipambane pa chilichonse, koma mwana wa zaka 11 akagwetsa bambo wamphamvu ndi chibakera, wowerenga amatseka buku. Flavia wapambana poganiza, ndipo pofunika mphamvu wathandizidwa ndi ena. Kupulumutsidwako kwaonetsanso kuti banja limene limaoneka lozizira lija limamukonda.

Kusabera Wowerenga

M'chaka cha 1966 katswiri wa zolembalemba Tzvetan Todorov adaonetsa kuti nthano ya mtunduwu imakhala ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi nkhani ya kupalamula, imene imakhala itatha kale kapena ikutha pamene buku likuyamba. Yachiwiri ndi nkhani ya kufufuza, imene ntchito yake ndi kuvundukula yoyamba ija pang'onopang'ono. Wowerenga amalandira yachiwiri, koma mlembi ayenera kuyamba ndi yoyamba. Asanalembe mutu woyamba, alembe papepala lapadera amene adapalamula, chifukwa chake, nthawi yake, njira imene adadzera, chimene adasiya ndi amene adamuona. Achite chimodzimodzi ndi woganiziridwa aliyense, ola ndi ola. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mlembi amene amayamba ulendo asakudziwa wopalamula amadzakakamizika kupeka umboni m'mutu womaliza, ndipo wowerenga amazindikira msanga kuti wapusitsidwa.

Mu 1929 wansembe wina wa ku England, Ronald Knox, amenenso ankalemba nthano zoterezi, adandandalika malamulo khumi a kalembedwe kake. Ena mwa iwo adatha ntchito, koma anayi akadali othandiza. Wopalamula akhale munthu amene watchulidwa koyambirira kwa nkhani. Zamizimu ndi zamatsenga zisalowererepo. Wofufuza asathandizidwe ndi ngozi yamwayi kapena kungomva mumtima popanda chifukwa. Chizindikiro chilichonse chimene wofufuza wapeza achionetse kwa wowerenga nthawi yomweyo. Malamulowa akunena chinthu chimodzi, chakuti wowerenga apatsidwe mpata wofanana ndi wa wofufuza.

Tione momwe Bradley akuwatsatira. Mbalame yakufa ija ndi ya m'madambo yotchedwa jack snipe, imene imafika ku England m'nyengo yozizira, osati m'miyezi yotentha. Choncho siidafere pafupi. Wina adabwera nayo kuchokera kunja. M'chipinda cha mlendo uja Flavia akupeza nthenga komanso chizindikiro cha mzinda wa Stavanger wa ku Norway pa katundu wake, ndipo mfundo ziwirizi zikulumikizana. Chizindikiro china ndi fungo lachilendo limene adalimva mu mpweya womaliza wa munthuyo. Fungoli latchulidwa koyambirira, koma dzina lake akulikumbukira mochedwa: ndi la mankhwala otchedwa carbon tetrachloride, amene osonkhanitsa masitampa ankagwiritsa ntchito pofuna kuona chidindo chobisika m'pepala la sitampa. Mankhwalawa ndi enieni, sadapekedwe ndi mlembi, ndipo akugwirizana ndi luso limene tikudziwa kale kuti mtsikanayu ali nalo.

Taonani kuti zizindikiro zonsezi ndi zoti mwana angazipeze ndi maso, mphuno ndi makutu ake. Palibe chimene chikufuna chilolezo cha khoti. Taonaninso kuti chizindikiro chabwino chimakhala ndi nkhope ziwiri. Mankhwala a masitampa akhoza kuloza bambo ake a Flavia monga momwe angalozere munthu wina aliyense wodziwa za masitampa. Palinso njira zosocheretsa, monga chidutswa chosowa pa chakudya chimene wophika wa pakhomopo adaphika, chomwe chikuchititsa Flavia kukayikira chakudyacho. Kusocheretsa wowerenga n'kololedwa malinga ngati zonse zimene wauzidwa ndi zoona. Choletsedwa ndi kumunamiza kapena kumubisira.

Imfa Si Masewera

Nthano za mtunduwu zili ndi otsutsa. Mu 1944 Raymond Chandler, m'nkhani yake The Simple Art of Murder, adadzudzula nthano zofufuza milandu za kalembedwe ka ku England kuti n'zopangira, zotalikirana ndi momwe kuphana kumachitikira m'moyo weniweni. Chidzudzulochi chili ndi mphamvu, makamaka mwana akakhala pakati pa nkhani. Kodi n'koyenera kuti mtembo wa munthu usanduke chidole cha mwana ndi chosangalatsa cha wowerenga?

Yankho la Bradley lili m'zimene waika pansi pa nthabwala. Flavia amalankhula moseketsa, ndipo atapeza munthu akufa akuonetsa chidwi m'malo mwa mantha. Koma tikamawerengabe tikuzindikira kuti kulimba mtimako ndi chofunda cha mwana amene sadadziwe mayi ake. Dogger akuvutika ndi zikumbukiro za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene adali mkaidi. Malo okhudza mtima koposa m'bukuli ndi pamene Flavia akuchezera bambo ake ali m'manja mwa apolisi, bambowo n'kumufotokozera mbiri ya ubwana wawo, chinthu chimene sadachitepo ali kunyumba. Mlandu wakupha watsekula pakamwa pamene padatsekeka zaka zambiri.

Phunziro kwa mlembi ndi lakuti kusaonetsa magazi sikutanthauza kuchotsa ululu. Bata limene wowerenga amalandira pamathero liyenera kukhala ndi mtengo wake. Pakhale wina amene wataya kanthu, ndipo mwana wofufuzayo atuluke m'nkhani akudziwa chinthu china chokhudza akuluakulu chimene sakadakonda kuchidziwa.

Nanga Wolemba m'Chichewa Atolepo Chiyani?

Nkhani za mlandu wobisika si zachilendo kwa ife. M'nthano yodziwika ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene J.W. Gwengwe adaiika m'buku, mbale apha mbale wake panjira, ndipo chinsinsicho chiululidwa ndi mbalame yoimba. Koma pali kusiyana kwakukulu. M'nthano ya makolo womvera amamudziwa wopalamula kuyambira pachiyambi, ndipo choonadi chimabwera kudzera mwa mbalame, maloto kapena ula. Kalekale milandu ina inkagamulidwa ndi mwavi, umene boma la atsamunda lidauletsa ndi lamulo la mu 1911. Nthano yofufuza mlandu imafuna kuti choonadi chibwere ndi umboni umene munthu wamba angauone n'kuuyesa. Ampangankhani akhoza kukhulupirira za ufiti, popeza ndi momwe anthu ambiri amaganizira, koma yankho la mlandu lisachokere kumeneko.

Vuto lalikulu ndi la ulemu. Flavia amatha kufunsa akuluakulu mafunso molimba mtima. Mwana wa pamudzi wa Chichewa akatero, amutcha wamwano ndipo nkhani ithera pomwepo. Komatu mwana yemweyo ndi amene amatumidwa kukapala moto, kukabwereka sefa, kukapereka madzi osamba m'manja kwa alendo ndi kukaitana anthu kumunda. Amalowa m'nyumba iliyonse, amagwada pansi, ndipo akuluakulu amapitiriza nkhani zawo ngati palibe munthu. Kutumidwa ndiye njinga yake. Mlembi asamuchotsere mwanayu ulemu pofuna kumufanizira ndi ana a m'mabuku a Chingerezi, chifukwa ulemuwo ndi umene ukumutsekulira zitseko.

Chichewa chilinso ndi zida zobisira choonadi popanda kunama zimene Chingerezi chilibe. Mlowam'malo wakuti iye sasonyeza ngati munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi. Mawu akuti mlongo amasintha tanthauzo malinga ndi amene akulankhula. Koposa zonse, mphatikiram'mbuyo a- ndi mphatikiram'kati -wa- amatha kuimira anthu ambiri kapena munthu mmodzi wolemekezeka.

Tiyeni tipeke chitsanzo. Ndalama za komiti ya mjigo zasowa m'nyumba ya msungichuma. Pabwalo la amfumu, agogo ena, omwe ndi mayi ake a msungichumayo, akuti: "Ine ndidawaona akutulukira kuseri kwa nyumba, koma maso angawa adakalamba." Anthu onse akumva kuti akuba adali ambiri, ndipo maganizo awo akuthamangira kwa anyamata amene amakhalira bawo pagolosale. Koma Tadala, mdzukulu wa zaka 12 amene amagona kwa agogowo, akudziwa kuti iwo sadawapatsepo ulemu anyamata amenewo. M'mutu wachiwiri wowerenga adawamva kale akukalipa kuti, "Tianyamata ta pabawo iti tandithera mango." Akadakhala anyamatawo, agogo akadati "ndidationa". Choncho -wa- uja ndi waulemu, ndipo akuimira munthu mmodzi. Kodi ndani amene agogo amamulemekeza chotere, amenenso mwambo suwalola kumutchula dzina kapena kuyang'anizana naye? Ndi mkamwini wawo, mwamuna wa msungichuma. Agogo sadaname, mlembi sadabise kanthu, ndipo wowerenga watcheru akadatha kupeza yankho yekha. Womasulira nkhaniyi m'Chingerezi angavutike, popeza chilankhulocho chingamukakamize kusankha pakati pa mmodzi ndi ambiri.

Tadala sangaimirire pabwalo n'kuloza chala bambo ake aang'ono. Angayambe ndi kufunsa mofatsa, akutongola chimanga ndi agogo ake: "Agogo, kodi amene mudawaona aja adali angati?" Kenaka nkhaniyo angaitule kwa amalume ake, amene monga mwinimbumba ali ndi pakamwa polankhulira. Njira imene choonadi chingadutse kuchokera kwa mwana mpaka kukafika kwa amfumu ikhoza kukhala gawo lokoma kwambiri la nthano, ndipo ndi gawo limene mlembi wa ku England sangatilembere.

Chitsanzochi chikuonetsanso kuti nkhaniyi si yongosangalatsa. Tadala akachedwa, anyamata osalakwa akhoza kumenyedwa ndi gulu. Tonse tidamvapo za anthu okalamba ozunzidwa kapena kuphedwa powaganizira ufiti, ndi za oganiziridwa kuba amene gulu lidawalanga mlandu usanazengedwe. Nthano imene imazoloweretsa wowerenga kufunsa kuti "umboni wake uli kuti?" asanaloze chala ili ndi ntchito pakati pathu.

Mathero

Nkhani ino yaunika kalembedwe ka nthano yaitali ya cozy mystery yokhala ndi mwana wofufuza mlandu, potsamira pa buku loyamba la Alan Bradley. Taona kuti mwana ayenera kukhala ndi chifukwa chomukhudza, njira yoyendera, luso limodzi lodziwika gwero lake, ndi malire amene mlembi sakuwabisa. Taonanso kuti nkhani ya kupalamula iyenera kukonzedwa yonse nkhani ya kufufuza isanalembedwe, ndi kuti chizindikiro chilichonse chikhale choti mwana angachipeze ndipo wowerenga angachione. Kwa wolemba m'Chichewa, ulemu, kutumidwa ndi malamulo a chilankhulo chathu ndi zida zimene zikudikira wozigwiritsa ntchito. Amene akufuna kuyesa ayambe ndi mudzi umene akuudziwa bwino, amvetsere momwe anthu ake amalankhulira, ndipo asathamangire mutu womaliza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ukukhudza wofufuza ndi mlembi yemwe.